Mizinda ya Papepala Sidzadyetsa Dziko

Kwabuka ciphunzitso cimene cili kufalikira m'maiko a mu Africa monga moto wa lupsa, ndipo anthu a m'midzi ayenera kucidziwa cisanafike pa bwalo la mfumu yao. Ciphunzitso cimeneci cikuti mankhwala a umphawi ndi kumanga mizinda yatsopano pachire. Akuti mizinda yakale yadzaza, yada, ndipo maofesi ake anyekezera ndi ziphuphu, kotero kuikonza ndi kutaya nthawi. Akuti Boma lipatule malo aakulu kumene kulibe nyumba, liitane eni ndalama a kunja, ajambule miseu yoongoka, amange nyumba zosanja za magalasi, ndipo cuma ndi ulamuliro wabwino zidzamera zokha monga bowa pa culu. Olalikira ciphunzitsoci amayenda ndi zithunzi zokongola. Pa zithunzizo palibe fumbi, palibe mai wosenza nkhuni, palibe ngolo ya ng'ombe. Cimeneci cokha ciyenera kucenjeza mlimi, pakuti wojambula amene sanasiye njira ya ngolo sanamuganizire mwini ngolo.

Dziko la Zambia silili kutali ndi mau amenewa. M'caka ca 2017 a Lucky Mulusa, amene panthawiyo anali nduna yoona za mapulani a citukuko, anachula ganizo lakuti likulu la dziko licoke ku Lusaka lipite ku Ngabwe, m'cigawo ca Pakati, kufupi ndi dambo la Lukanga. Ganizolo linathera m'kamwa. Koma maganizo otere safa; amagona m'nthaka ngati mbeu ya kaufiti, kudikira caka cina. Tsiku limene adzamera, padzafunika zinthu ziwiri: malo ndi ndalama. Malowo adzacokera kwa anthu a m'midzi, pakuti ndiwo ali ndi malo aakulu. Ndalamazo zidzakhala nkhongole, ndipo nkhongole ya Boma imabwezedwa ndi aliyense wogula sopo, malata kapena njinga. Ndico cifukwa cake nkhani iyi ndi ya mlimi wa ku Chadiza ndi ku Chama monga momwe iliri ya munthu wa ku Kabulonga.

Lusaka nayenso anali mzinda watsopano

Amene afuna kudziwa cimene mzinda wa papepala umasanduka asavutike kukwera ndeke. Apite ku Lusaka. M'caka ca 1905 panali kasiteshoni ka njanji pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka. M'caka ca 1931 Boma la atsamunda linasankha malowa kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo katswiri wa ku London, Profesa Stanley Adshead, anajambula mzinda. M'caka ca 1935 likulu linasamuka. Unali mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa miseu yotakata, wa mapuloti aakulu a azungu pamtunda popita mphepo. Wojambula anakumbukira nyumba ya Bwanamkubwa ndi maofesi a makalaliki ake. Munthu wakuda anawerengedwa monga mlendo, wobwera kudzagwira nchito ali yekha ndi kubwerera kumudzi mphamvu zikatha.

Koma mzinda sumangidwa ndi pensulo. Oumba njerwa, ophwanya miyala, ophika ndi ocapa anabwera ndi mabanja ao, ndipo popeza papepala panalibe malo owakwanira, anamanga tinyumba ta dothi pa mafamu a azungu kunja kwa malire a mzinda, nalipira lendi kwa eni mafamuwo. Makomboni ena mpaka lero ali ndi maina a cizungu, monga John Laing, John Howard ndi George. Pa kalembera wa 1963 Lusaka anali ndi anthu oposa 120,000 pang'ono. Pa kalembera wa 2022 boma la Lusaka linapezeka ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo pa anthu 10 alionse pafupifupi 7 amakhala m'makomboni amene wojambula sanawalote nkomwe.

Zipatso zake zimaoneka mvula ikagwa. Ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zimakumana m'ming'alu ya mwala. Kolera inabuka mu Lusaka m'caka ca 2017 kufikira 2018. Inabukanso kumapeto kwa 2023, nipha anthu oposa 700 m'dziko lonse. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulira mu January 2024. Anthu amenewa sanafe cifukwa cosowa mzinda watsopano. Ambiri a iwo anafa cifukwa mzinda watsopano wa 1935 unajambulidwa popanda makolo ao, ndipo zaka pafupifupi 90 sizinakwane kukonza colakwaco. Tsono pamene wina akuti Lusaka asiyidwe, kodi anthu a ku Kanyama ndi ku Misisi adzakwera nao malole osamuka? Iwo adzatsala pomwepo ndi zitsime zao, ndipo ndalama zimene zikanawaikira mipope zidzapita kukasalaza chire.

Ziphuphu zimakwera lole limodzi ndi mafaelo

Bodza lina ndi lakuti mzinda watsopano umabala ulamuliro watsopano. Dziko la Brazil linayesa zimenezi ndi mphamvu zake zonse. Pulezidenti Juscelino Kubitschek anamanga Brasília pakati pa chire m'zaka zosakwana 4, nautsegulira pa 21 April 1960. Lúcio Costa anajambula mzindawo, Oscar Niemeyer najambula nyumba zake zikuluzikulu, ndipo kukongola kwake palibe amakana. Patangopita zaka 4, m'caka ca 1964, asilikali analanda Boma, nalamulira m'maofesi atsopano omwewo kufikira 1985. Anchito amene anamanga mzindawo anakankhidwira ku timizinda ta m'mbali monga Taguatinga ndi Ceilândia, ndipo mpaka lero anthu ambiri a cigawoco amakhala kunja kwa mzinda wojambulidwa uja. Mlandu waukulu wa ziphuphu umene unagwedeza Brazil kuyambira 2014, wochedwa Lava Jato, unatenga dzina lake ku malo omwetsera mafuta a galimoto mu Brasília momwemo, kumene ndalama zakuba zinali kupyolera.

Dziko la Nigeria linalamula m'caka ca 1976, pansi pa Murtala Mohammed, kuti limange Abuja, ndipo Boma linasamukirako pa 12 December 1991. Anthu a mtundu wa Gbagyi, eni nthakayo, ambiri anacotsedwa m'midzi yao. M'caka ca 1993 Sani Abacha analanda Boma, nakhala m'nyumba yatsopano ya ku Aso Rock kufikira imfa yake m'caka ca 1998, ndipo ali momwemo anapatutsa mabiliyoni a madola amene maiko monga Switzerland akhala akubweza pang'onopang'ono. Lagos, mzinda umene anati wadzaza, sunacepe. Unakula kuposa kale.

Anansi a ku Malawi anasamutsa likulu kucoka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'caka ca 1975, mothandizidwa ndi nkhongole ya Boma la tsankho la South Africa. Lilongwe anakuladi, pakuti anakhala pakati pa cidikha ca cimanga, nshawa ndi fodya. Koma m'caka ca 2013 pa Capital Hill pomwepo panaululika mlandu wa Cashgate: mabiliyoni a Kwacha ya Malawi analipidwa ku makampani amene sanagulitse kanthu ku Boma, ndalama zina zinapezeka m'mabuti a magalimoto, ndipo maiko othandiza anaimitsa thandizo lao pa bajeti.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wakuba akasamukira ku ofesi ya magalasi amapita ndi zala zake. Cimene cimamanga manja ake ndi wofufuza mabuku a ndalama amene saopa nduna, woweruza amene salandira mbuzi usiku, kalaliki amene amalandira malipiro ake pa tsiku lake, ndi anthu wamba amene angathe kufika pakhomo la ofesi ndi kufunsa. Zimenezi zingathe kupezeka m'nyumba ya malata ku Nyimba, ndipo zingathe kusoweka m'nyumba yosanja ka 30. Olamulira ena amakonda mzinda wa pachire cifukwa uli kutali ndi maso a anthu. Asilikali a ku Myanmar anacoka mu Yangon m'caka ca 2005 nakakhala ku Naypyidaw, kumene miseu ndi yotakata koma khamu lofunsa mafunso kulibe. Félix Houphouët-Boigny anasandutsa mudzi wa kwao, Yamoussoukro, likulu la Côte d'Ivoire m'caka ca 1983, namangako chalichi cacikulu kopambana, koma nchito zambiri za Boma zinatsala ku Abidjan. Mobutu anamanga nyumba zacifumu ku Gbadolite ndi bwalo loterapo ndeke ya Concorde; m'caka ca 1997 zinafunkhidwa, ndipo chire linayamba kubwerera.

Adzalipira ndani?

Olalikira mizinda yatsopano amafulumira pa zithunzi, nacedwa pa mtengo. Cipani ca TANU ku Tanzania cinagwirizana m'caka ca 1973 kuti likulu lipite ku Dodoma m'zaka 10. Maunduna anayamba kusamuka ndithu m'caka ca 2016, ndipo nyumba ya Pulezidenti ya ku Chamwino inatsegulidwa m'caka ca 2023, patapita zaka 50. Ku Angola kampani ya ku China yochedwa CITIC inamanga Kilamba, makilomita pafupifupi 30 kucokera ku Luanda, nyumba zosanja 750 pa mtengo wa madola 3.5 biliyoni, cikole cake mafuta a dzikolo. M'caka ca 2012 nyumba zambiri zinali gwa, zopanda munthu, pakuti mtengo wa nyumba imodzi unali woposa madola 100,000 m'dziko la anthu osauka. Zinadzaza pamene Boma linatsitsa mitengo m'caka ca 2013, ndiko kunena kuti dziko lonse linalipira kuti anthu a malipiro a pamwezi apeze pogona. Ku Senegal woimba wochuka Akon analonjeza mzinda wa madola 6 biliyoni ku Mbodiène, mwala wa maziko unaikidwa m'caka ca 2020, ndipo m'caka ca 2025 akuluakulu a Boma analengeza kuti nchitoyo kulibenso.

Zambia alibe cifukwa cophunzirira kwa ena kuwawa kwa nkhongole. Mu November 2020 dziko lino linalephera kulipira ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni, ndipo zaka zotsatira zinathera pa kukambirana ndi okongoza ku Paris, ku Beijing ndi ku Washington. Walira mvula walira matope. Dziko limene langocoka kumene m'matope otere likakongolanso mabiliyoni omangira maofesi pachire, mankhwala a pa kiliniki, ulalo wa pa mtsinje ndi fataleza wa mlimi ndizo zidzayamba kudulidwa, pakuti wokongoza salandira mau opepesa.

Kampani yolamulira si mlendo kum'mawa

Mtundu woopsa kopambana wa ciphunzitsoci ndi umene katswiri wa zacuma wa ku America, Paul Romer, anaufalitsa m'caka ca 2009. Iye anati dziko losauka lipatule malo, liimitse malamulo ake pamalopo, ndi kulola kuti mzinda watsopano uyendetsedwe ndi malamulo ena, oyang'aniridwa ndi anthu a kunja. Dziko la Honduras linamvera. Romer mwini anacokamo m'caka ca 2012 ataona kuti mapangano ali kucitika mobisa, koma m'caka ca 2013 lamulo linakhazikitsidwa, ndipo pa cilumba ca Roatán panabadwa Próspera, malo a kampani okhala ndi misonkho yake ndi njira zake zoweruzira milandu. Anthu a mudzi woyandikana nao wa Crawfish Rock anayamba kukhala ndi mantha pa nthaka yao. M'caka ca 2022 nyumba ya malamulo ya Honduras inafafaniza lamulolo. Kampani inakasuma ku bwalo la ku Washington, ndipo poyamba inafuna madola pafupifupi 11 biliyoni, ndalama zoposa theka la bajeti ya dzikolo ya caka cimeneco. M'caka ca 2024 khoti lalikulu la Honduras linagamula kuti lamulo lija linali losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Cimene dziko linapereka ndi colembera linavutika kucibweza ndi makhoti.

Anthu a cigawo ca Kum'mawa safunika kumasuliridwa nkhani imeneyi, pakuti makolo ao anaiona ndi maso. M'caka ca 1889 Mfumukazi Victoria inapatsa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, cikalata coilola kulamulira maiko amene si ake. Mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, ananena kuti Inkosi Mpezeni inamupatsa dziko, ndipo pa mau amenewo kampani ya North Charterland inadzitengera masikweya mailosi 10,000. Mu January 1898 asilikali anathira nkhondo Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Pa nthaka imeneyo kampani inamanga mzinda wake watsopano, Fort Jameson, umene lero uli Chipata. Unali ndi miseu yoongoka, maofesi, ndende ndi malamulo ake.

Kodi Acewa, Angoni ndi Ansenga anapindula ciani? Anapatsidwa msonkho wa nyumba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anapanikizidwa m'malo ocepa ochedwa marizevu, kuti nthaka yabwino idikire azungu olima fodya, amene ambiri sanabwere nkomwe. M'marizevu nthaka inaguga, njala inakhala ya caka ndi caka, ndipo amuna anatha ulendo wa ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho, m'midzi mutatsala amai, ana ndi okalamba. M'caka ca 1941 Boma la atsamunda lomwe linaona kuti zinthu zafika poipa, niligula nthakayo kwa kampani kuti anthu abwerereko. British South Africa Company inasiya kulamulira m'caka ca 1924, koma inapitiriza kudya ndalama za miyala ya pansi pa nthaka kufikira usiku wa ufulu mu October 1964, ndipo sinacoke isanalandire mapaundi 4 miliyoni. Panapita zaka 75 kucokera pa cikalata ca Mfumukazi kufikira tsiku limene dziko linabwerera kwa eni ake. Amene abwera lero ndi cikalata cina, cingakhale calembedwa pa kompyuta, ali kupempha cinthu comweco: kuti pakhale malo m'kati mwa Zambia pamene mau a Mzambia alibe mphamvu.

Ndipo alimi akumbukire lamulo la malo la 1995. Limalola kuti nthaka ya m'manja mwa mafumu isandutsidwe ya cikalata ca zaka 99, mfumu ndi khonsolo akavomera. Nthaka ikapita njira imeneyo sibwerera pa bwalo la nyakwawa. Munda, dimba, msipu, nkhalango ya nkhuni ndi manda zimapita pamodzi, ndipo ndalama ya cipepeso imatha mvula isanagwe kawiri.

Nanga Shenzhen?

Olalikira akapanikizidwa amathawira ku China. Amati Shenzhen anali dera la asodzi ndi alimi m'caka ca 1980, ndipo pa kalembera wa 2020 anali ndi anthu oposa 17 miliyoni. Zimenezi n'zoona, koma amasiya theka la nkhani. Shenzhen ali pa khomo la Hong Kong, kumene panthawiyo kunali mafakitale osowa malo ndi anchito, doko lalikulu, ndi eni ndalama olankhula cinenero comweco. Mafakitale anangooloka mtsinje. Dziko la China linapatula malo anai otere panthawi imodzi, koma Shantou, amene analibe Hong Kong pakhomo, sanakule monga Shenzhen. Ndiponso China sanapereke Shenzhen kwa kampani ya kunja. Mzindawo unakhalabe pansi pa Boma lake.

Coposa zonse, China anayambira kumunda. Kuyambira 1978 mabanja anapatsidwa minda yoti adzilimire, m'caka ca 1979 Boma linakweza mitengo yogulira mbeu, zokolola zinaculuka, ndipo m'midzi ndi m'timatauni munabuka timafakitale tambirimbiri ta njerwa, zovala ndi zipangizo. Acinyamata amene anadzaza mafakitale a Shenzhen anacokera m'midzi imene inali itayamba kukhuta, ndipo ambiri anali atapita kusukulu. Wofuna kutengera China ayambire pamene China anayambira.

Mzinda umatsata nchito

Mbiri ya dziko lino imaphunzitsa cinthu cimodzi mosabisa: anthu amatsata nchito, ndipo mzinda umatsata anthu. Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya anamera pa mkuwa. Kabwe anamera pa mtovu ndi njanji. Mgodi wa Kabwe utatsekedwa m'caka ca 1994, nyumba ndi miseu zinalipobe, koma cimene cinatsala ndi ulova ndi fumbi la mtovu m'magazi a ana. Mgodi wa Luanshya utagulitsidwa m'caka ca 1997 ndi kugwa m'caka ca 2000, mzinda umene unali wochuka ndi maluwa unasanduka wa anthu ogulitsa mipando kuti adye. Solwezi anali boma logona kufikira mgodi wa Kansanshi unatsegulidwanso m'caka ca 2005. Katete, Petauke, Sinda ndi Lundazi sanajambulidwe ndi profesa aliyense, koma ali kukula caka ndi caka cifukwa pali cimanga, thonje, nshawa, soya ndi mpendadzuwa zofuna msika. Palibe mwa mizinda imeneyi umene nyumba zinayamba ndipo nchito inabwera pambuyo. Mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe imamangidwa cifukwa ca cimanga. Kumanga nkhokwe sikumeretsa cimanga m'munda.

Pali coonadi cimodzi m'mau a olalikira, ndipo ciyenera kuvomerezedwa. M'caka ca 1963 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 3.5 miliyoni; m'caka ca 2022 anali 19.6 miliyoni. Acinyamata ambiri adzakhala m'matauni, ndipo palibe lamulo limene lidzawaletse. Matauni ayenera kukonzedweratu. Koma matauni oyenera kukonzedwa ndi amene anthu ali kupitako kale ndi miyendo yao. Ku Katete, ku Nyimba, ku Lundazi, khonsolo ndi mafumu akhale pansi lero, akhome zikhomo poti mudzapita miseu, asiye malo a msika, sukulu, cipatala ndi manda, aike mipope nyumba zisanamangidwe, ndipo alipire mwacilungamo aliyense amene munda wake wakhudzidwa. Nchito ya zikhomo ndi yochipa. Kugumula nyumba pambuyo pake kuti mseu upite ndiko kumadya ndalama ndi kuliritsa anthu.

Ndipo matauniwo apatsidwe cocita. Thonje la kum'mawa limacotsedwa njere ndi kutumizidwa kunja, nsalu nigulidwa ku maiko ena. Mpendadzuwa ndi nshawa ziyengedwe mafuta pa boma pomwepo, ndipo zotsalira zake zidyetse nkhuku ndi nkhumba za m'deralo. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa m'caka ca 2010, yolumikiza cigawoci ndi doko la Nacala, ndipo ikudikira katundu. Cilala ca 2024, cimene cinapserezera cimanga m'minda ndi kucepetsa magetsi a ku Kariba, cinaonetsa kuti madamu aang'ono ndi mashedi osungiramo mbeu ali ndi phindu loposa nyumba ya magalasi. Mseu wa kumunda umene lole ingapitemo m'dzinja umakweza mtengo wa thumba lililonse la mlimi, ndipo mlimi wa ndalama m'thumba ndiye amadzaza sitolo, garaji ndi cigayo ca pa boma.

Kukonza cimene cilipo kunayesedwapo kale. M'caka ca 1974 Boma linaleka kuona makomboni a Lusaka monga zinyalala zofunika kugumula. Linakhazikitsa lamulo lopatsa okhalamo zikalata za zaka 30, ndipo ndi nkhongole ya World Bank linaika mipope ndi miseu ku Chawama, George, Chaisa ndi kwina. Anthu eni ake, kupyolera mwa atsogoleri a masekishoni ndi mabulanchi a UNIP a nthawi imeneyo, anayenda pansi ndi akatswiri kusankha poti mseu upite, ndipo amene nyumba zao zinakhudzidwa anapatsidwa mapuloti pafupi. Nchitoyo inafooka pamene mtengo wa mkuwa unagwa ndipo ndalama zokonzera mipope zinasowa, koma inaonetsa kuti osauka akafunsidwa amadziwa kujambula mzinda wao.

Ulamuliro wabwino uli pafupi

Ngati colinga ndi ulamuliro wabwino, njira yake ndi kufikitsa mphamvu ndi ndalama kufupi ndi anthu, ndi kuziyang'anira zikafika. Maboma a dziko lino anali oposa 70 pang'ono m'caka ca 2011, ndipo anaonjezedwa kufika pa 116. Anthu a m'maboma atsopano anaona okha kuti dzina limafika msanga koma ofesi, cipatala ndi polisi zimabwera pang'onopang'ono. Dziko limene likumalizabe maboma amenewa lisayambe likulu lina. Thumba la citukuko la CDF linakwezedwa m'caka ca 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Apa ndi pamene pali mayeso enieni. Makomiti a citukuko a m'mawadi akumane poyera, mitengo ya nchito ilembedwe pa khoma la khonsolo, kontilakita wothawa atalandira ndalama achulidwe dzina, ndipo mai wa kumudzi amene afunsa za mjigo ayankhidwe monga mwini ndalama. Dera limene lingathe kumanga kalasi imodzi popanda kubedwa simenti lapita patsogolo pa ulamuliro kuposa dziko limene lamanga likulu la magalasi ndi ndalama zosawerengedwa.

Cotero mlendo akadzafika pa bwalo la mfumu ndi zithunzi za mzinda wa mawa, alandiridwe mwaulemu, apatsidwe mpando, ndipo afunsidwe pamaso pa onse. Nthaka afunayo ndi ya yani, ndipo okhalapo adzapita kuti? Ndalama zidzacokera kuti, ndipo nchito ikalephera adzabweza ndani? M'mzindamo mudzapangidwa ciani cimene anthu adzagula? Womanga nyumbazo ndi wosesa miseuyo adzagona kuti? Mlandu ukabuka pakati pa kampani ndi mwana wa m'mudzi, udzaweruzidwa ku khoti liti, ndi malamulo a dziko liti? Safunsa anadya phula. Mlendo amene ali ndi mayankho adzawapereka mosavuta ndipo adzalola kuti alembedwe. Amene adzakwiya ndi mafunsowo, kapena adzapempha kuonana ndi mfumu kumbali, akulunge zithunzi zake apitirire ulendo, ndipo nyakwawa zisaike cala pa pepala lililonse limene anthu ao sanawerengeredwe m'cinenero cao.